Madontho Ofiira a Mayi Filomena

Lachiwiri, pa 5 Ogasiti 2008, magetsi anabwera ku Tafara anthu akudya chamasana, n'kuzimanso mbale zisanatsukidwe. Pa mpata wonsewo Bambo Yoramu Chisale anangolemba mizere iwiri ya nyimbo. Nthawi yotsalayo inathera podikira kompyuta kuti idzuke.

Mwambo wovundukula chiliza cha akazi awo, Mayi Filomena, unali Loweruka la sabata yomweyo. Mayiwo asanatsikire kuli chete ananena kuti pamanda pawo anthu adzaimbe m'Chichewa, koma adzukulu ndi achinyamata a kumpingo ankadziwa Chishona basi. N'chifukwa chake bambowo ankalemba nyimbozo ndi chala chimodzi, kuti akazisindikiza aliyense adzagwire pepala lake.

Mwana wawo Ruvimbo, yemwe ankakonza makompyuta pa kasitolo kena m'tauni, anawapeza madzulo akuyang'anizana ndi galasi lakuda la kompyutayo.

"Yadwalanso, Ababa?"

"Siidwala iyi. Imangodzuka ngati ine m'nyengo yachisanu: bondo limodzi kaye, linalo pambuyo."

Ruvimbo ankalidziwa vutolo. Kompyutayo inachokera kwa mchimwene wake Elliot ku Joni mu 2006, ili kale nkhalamba. Inali ya Linux, ndipo nkhope yake, ija imaoneka pagalasi munthu akaiyatsa, inali GNOME, yokongola koma yofuna makina amphamvu. Kale magetsi ankakhala tsiku lonse, ndiye palibe ankadandaula. Tsopano bulu anali atasenza katundu wa lole, ulendo uli wachangu.

Ruvimbo anasinkhasinkha za nkhope zopepuka. Xfce ikanalemerabe pa makina otere. Fluxbox inali yopepuka kwambiri, koma galasi lake linali mbee ngati bwalo losesa, ndipo bambo ake akanasochera. Anasankha IceWM, yomwe anali nayo kale pa fulashi.

Lachitatu sanapite kuntchito. Magetsi atabwera m'mawa anaiika, ndipo kompyuta inadzuka madzi a tiyi asanatenthe n'komwe.

"Yesani, Ababa."

Bambo Yoramu anavala mandala, anakankhira mausi m'mwamba, n'kudina. Sipanachitike kanthu. Anadinanso.

Apa m'pamene Ruvimbo anakumbukira madontho. Pamwamba pa galasilo panali madontho atatu ofiira a kyuteksi, utoto wopaka zikhadabo, omwe Mayi Filomena anadontheza pamene maso a amuna awo anayamba kuchita nkhungu. Loyamba linkasonyeza polembera, lachiwiri zithunzi za adzukulu, lachitatu pozimitsira. Bambowo sankawerenga tizilembo ta pagalasi, ankangotsata madonthowo. Koma IceWM inali itaika mzere wake wa tizithunzi todina m'munsi, ndipo madontho ankaloza pabwalo.

"Musadandaule," anatero Ruvimbo akutenga kansalu. "Ndifufuta awa, ndidontheze ena pansipa."

Bambo ake anaphimba madonthowo ndi chikhatho.

"Bwezera yakale ija."

"Mukatero simumaliza. Loweruka anthu adzangong'ung'udza."

"Adzang'ung'udze. Dzanja la mayi ako silifufutidwa ndi chiguduli."

Pakhomo panali Mayi Magret, mng'ono wa malemuwo, omwe anabwera kuchokera ku Glen Norah kudzathandiza zokonzekera. Ankasankha nyemba m'lichero, makutu ali m'nyumba.

"Walira mvula walira matope, alamu," anatero. "Dzulo mumati yaulesi, lero yathamanga mwakwiya. Komanso kyuteksiyo anali wanga. Akazi anu anabwereka, mpaka lero."

"Ukamulonjerere Loweruka, tikupita komweko," anayankha Bambo Yoramu, chikhatho chikadali pagalasi.

Mayi Magret anaseka, kenako anatembenukira kwa Ruvimbo. "Iwe mwanawe, ine ndakhala loja, wa lendi m'nyumba za eni, zaka zambiri. Ukalowa m'chipinda cha eni sugumula khoma chifukwa kabati yako sikukwana. Umatembenuza kabatiyo."

Ruvimbo anaika kansalu pansi. Anatsegula fayilo yomwe IceWM imasungamo malamulo ake, anapeza mzere wonena za malo a tizithunzi, n'kusintha 0 kukhala 1. Atayatsanso, mzere wonse unali utakwera pamwamba. Anachotsamo zonse zosafunika, kusiya tizithunzi titatu. Anali akutisuntha kuti kalikonse kagwere pansi pa dontho lake pamene magetsi anazima.

Lachinayi magetsi sanabwere tsiku lonse. Bambo Yoramu anakhala pakhonde akuimba nyimbozo chapansipansi kuti angaiwale mawu, Mayi Magret akuwakonza pomwe alakwitsa, iwo n'kumakana.

Lachisanu m'mawa firiji inalira, magetsi atabwera. Ruvimbo anathamangira pakompyuta asanasambe n'kumaso komwe. Anawonjezera mipata pakati pa tizithunzi mpaka koyamba ndi kachiwiri tinagwera ndendende pansi pa madontho. Kachitatu kanakana. Kankaphonya pang'ono, ngati m'lifupi mwa njere ya chimanga.

"Aka kandikanika, Ababa."

Bambowo anayandikitsa nkhope pagalasi. "Kasiye. Mayi ako nawonso mizere ya m'dimba sankawongola."

"Nditipatse mayina? Mausi ikafika pamenepo dzina lizituluka."

"Aka ulembe Polembera. Aka Adzukulu." Anaganiza pang'ono. "Aka Kagone."

Anakhala pampando, anatsata dontho loyamba, n'kudina. Pepala loyera linatseguka nthawi yomweyo, mizere yawo iwiri ija ili pamwamba. Anayang'ana mwana wawo pamwamba pa mandala, ndipo chala chinayamba ntchito. Mayi Magret anakokera mpando pafupi n'kumawauza mawu, Ruvimbo akumvetsera mawu ena omwe anali asanawamvepo chibadwire. Dzuwa likupendeka nyimbo zonse zinali zitalowa. Bambo Yoramu anadina Kagone okha, magetsi akadalipo.

Ruvimbo anatenga fulashi n'kuyenda wapansi mpaka ku Mabvuku, kwa bambo wina yemwe anali ndi makina osindikizira. Anamupeza atakhala panja akusenda nzimbe. Mapepala analipo, inki inalipo. Magetsi a kumeneko anali asanabwere chizimire Lachitatu.

"Nthawi zina amabwera Loweruka m'mawa," anatero bamboyo, akumupatsa mfundo ya nzimbe.

Ruvimbo anamusiyira fulashi ija. Mwambo unali wa teni koloko.