Thadzi Lomaliza la Bashi Nsofwa

Amuna anga, Bashi Nsofwa, kutanthauza bambo a Nsofwa, ntchito ya pamgodi itawathera, kudzimva kokha ndiye sikunathe. Ankapukutabe nsapato m'mawa uliwonse ngati pali kopita. Ine mutu unali pa Nsofwa, mwana wathu, yemwe anatsala ndi teremu imodzi kuti amalize maphunziro a unamwino ku Kitwe. Kusukuluko anali atanenetsa kuti wosalipira salemba mayeso.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinapita kutchalitchi kwathu kuno ku Mufulira kukapempha ku thumba la ovutika. Bana Katongo, kapena kuti mayi a Katongo, omwe amatsogolera komiti ya thumbalo, anati abwera ndi anzawo awiri kudzaona mmene tikukhalira.

Tsikulo pochokera kumsika ndinapeza nthenga zili mbwee kuseri kwa nyumba. Bamboyo anali atapha thadzi lathu lomaliza, lomwe mazira ake ndinkagulitsa kuti tipeze mchere ndi makala.

"Bashi Nsofwa, mwachita chiyani?"

"Kukubwera alendo. Mukufuna adye kapenta wochita kuwerenga?"

"Anthuwo akudzaona umphawi wathu."

"Ndiye auone atakhuta."

Ndikanatani, nkhuku inali itafa kale. Ndinaiphika, ndipo vuto langa ndi lakuti kuphika moipa sinditha ngakhale nditakwiya. Amayi aja anadya, nanyambita zala, maso ali pamasofa ndi pafiriji. Amuna anga, jekete lili pathupi, anawasimbira nkhani za pansi pa mgodi mpaka alendowo anagwira nthiti. Za Nsofwa sanatchuleko n'kamodzi komwe.

Yankho silinachedwe: alipo ena ovutika kuposa ife.

Sindinalire, nthawi yolira panalibe. Ndinasita jekete lija n'kuwaikira amuna anga pabedi.

"Valani tizipita kwa Bana Katongo. Mwaiwononga ndinu nkhaniyi, mukaikonzenso ndinu."

"Ine kukagwada kumeneko? Amuna awo ndinkawayang'anira ndine pantchito."

"Chabwino. Muimbireni Nsofwa, mumuuze alongedze azibwera."

Ndinawapatsa foni. Anaiyang'ana nthawi yaitali, kenako anandibwezera osaimba.

Bana Katongo tinawapeza akusinja timizu ta chikanda mumtondo pakhonde. "Mwatibweretsera nkhuku ina?" anafunsa akuseka.

"Ija inali yomaliza, mayi," anatero amuna anga. "Firiji munaiona ija tinazimitsa kalekale, timasungamo mabuku a mwana. Kumgodi sadzandiitananso. Ndithandizeni, mwana wanga alembe mayeso."

Chisoni chinandigwira, chifukwa m'banja lathu lonseli sindinawamvepo akupempha munthu ngakhale machesi.

Bana Katongo anatsamiritsa musi kukhoma. "Mukanatero tsiku lija bwenzi titathana kale. Ndikambirana ndi anzanga. Koma mwambo wathu mukuudziwa, Bashi Nsofwa. Amene tamuthandiza timamutchula dzina m'tchalitchi, kuti opereka adziwe kumene chopereka chawo chapita. Anzanu onse a pamgodi adzamva. Mupirira?"

"Mutchule langa, osati la mwana."

Lamulungu lake tchalitchi chinadzaza. Ine ndinali kumbali ya amayi, mtima uli m'mwamba, poti ndinkaopa kuti amuna anga azemba zolengeza zisanayambe. Mlembi atafika pa dzina lawo, anthu anayamba kutembenuka, kufunafuna pamene kapitawo wakaleyo wabisala.

Sanavutike kusaka. Anali ataimirira kale, pakati penipeni pa anzawo, mutu uli chilili.