Wilibala ya a Kalipentala

A Kalipentala anafika ndi wilibala pakhomo pa nyumba yosungiramo zinthu zakale, thukuta lili kamukamu. M'nyumbamo munali makina osokera a malemu akazi awo. Anawapereka okha maliro atatha, poti kunyumba ankangowaliza.

Tauni yonse inkadziwa kuti nyumbayi yamira m'ngongole: lendi, magetsi, madzi. Kenako chitseko chinatsekedwa mwezi wathunthu, atamatapo chipepala cha chidindo cha boma. Kuwerenga sankatha mkuluyu, koma chidindo ankachidziwa. Chikamatidwa pakhomo, katundu amapita. Ndiye atangomva kuti lero atsegula, anabwereka wilibala.

"Mayi, ndadzatenga makina anga asanagulitsidwe," anauza mayi wosunga makiyi.

Mayiyo anayang'ana wilibala ija n'kuseka. "Bambo, bwanji osafunsa? Pepalalo likuti boma latikhululukira ngongole yonse. Latipatsanso ndalama. Tinatseka kuti tikonze denga."

"Boma kukhululuka? Imvi zonsezi sindinamvepo."

"Kuona maso a nkhono n'kudekha. Talowani."

Analowa atavula chipewa. Pakona paja pankakhala beseni lolandira mvula panali pouma, khoma lili mbee. Makina aja anali m'galasi, nyali ikuwaunikira ngati mkwatibwi. Kansalu kobiriwira kamene malemu anasiya asanamalize kanali pompo, pansi pa singano. Ulusi sunaduke.

"Ndalama ina takonzetsera matepi akale aja anachita nkhungu," anatero mayiyo. "Akazi anu tinawajambulapo mawu kalekale." Anadina batani.

Kunayamba kumveka kukhosomola. A Kalipentala anagwira khoma. Chifuwa chimenecho anagona nacho chipinda chimodzi zaka makumi anayi.

"Makinawa anandigulira amuna anga," anatero mawu aja, akuseka. "Anagulitsa njinga yawo, n'kudzandinamiza kuti yabedwa. Mpaka lero amayesa sindidziwa. Musakawauze, angachite manyazi."

Tepi inapitirira kulira yokha, shii.

"Ankadziwa," ananong'ona mkuluyu. "Zaka zonsezi ine n'kumatukwana wakuba woti kulibe, iwo n'kumandithandiza kutukwana."

Mayi uja anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. "Ndiye titani, bambo? Tikweze pawilibala?"

"Asiyeni. Kuno akuyankhula. Kwathu angokakhala chete."

Anakhala pabenchi, chipewa pamaondo.

"Tadinaninso, mwanangu. Muyambire pokhosomola paja."

Panja mvula inayamba kuwaza, ikugogoda m'wilibala yopanda kanthu.