Munthu Sapita ndi Mikanda

Zaka zitatu zathunthu Verna ankasoka mikanda pa zovala za mwamuna wake, Delbert: chikhoto chakuda ndi nsalu zokuta miyendo, zoti akavinire m'nyumba yaitali yochitiramo miyambo ya mtundu wawo, pa mwambo wa pakati pa nyengo yachisanu. Anasokapo masitiroberi ofiira ndi masamba ake. Tsamba likangopindika pang'ono, ankamasula n'kuyambiranso.

Delbert pakamwa sipankauma. "Mayi, mmene muzimaliza mano onse adzakhala atagweluka. Ndidzavina ndi ndodo."

"Chepetsani kaye chimimbacho, bambo. Mikanda ikuthera panjira."

Anamaliza Lachiwiri. Lachisanu Delbert anagwa akukokola chipale chofewa pakhomo, mtima n'kuima. Chakudza sichiimba ng'oma. Zovala zija sanaziyese n'komwe.

Delbert anali wa fuko la Kamba, choncho oyendetsa maliro anachokera ku mafuko a mbali inayo, poti kwawoko mafuko ali mbali ziwiri ndipo mbali yofedwa siyendetsa maliro. Kudzatenga zomuveka kunabwera Lavina wa fuko la Gwape, mnzake wa Verna wa kuubwana. Anasisita chikhotocho nthawi yaitali.

"Ntchito mwaigwira, achemwali. Koma mukudziwa, kwathu kuno munthu sapita ndi mikanda. Imamulemera panjira. Tingomuveka malaya ena."

Verna ankadziwa. Koma zoti Delbert apite ndi malaya a m'sitolo, atadikira zaka zonsezo, mtima unakana.

"Avala zomwezi. Tichotsa mikandayo."

"Ndiye bweretsani ndimasule ine. Namfedwa sagwira ntchito."

"Ayi. Ndinasoka ndine."

Verna anakhala pawindo ndi kalumo. Ulusi ukaduka, mikanda inkagwera m'mbale imene Delbert ankamweramo supu wa chimanga. Verna analira, ndipo anakwiya. Anakwiyira Delbert chifukwa chofulumira, anadzikwiyira yekha chifukwa cha masamba onse aja amene ankamasula, ati sanawongoke. Ndani akanawaona pogule? Ntchito ya zaka zitatu inatha dzuwa lisanapendeke.

Atakung'untha chikhotocho, anachikweza kuti aone ngati patsala ulusi. Kuwala kunadutsa m'timabowo ta singano. Masitiroberi onse anali pomwepo, ndi masamba ake, osasowa ndi limodzi lomwe.

Lavina anagwira pakamwa. "Mayo ine, akuonekabe!"

Verna anapinda chikhotocho bwinobwino n'kuchiika m'manja mwa mnzake.

"Amenewa salemera," anatero. "Kam'vekeni. Mumuuze kuti ndamaliza."