Mayi Nambala Seveni

Mwana wa achimwene anga, amene ine ndimamutchula Kamagalasi, anatha zaka zitatu ku yunivesite akuphunzira za nkhuku. Zaka zitatu! Ine sukulu ndinalekera sitandade thu, koma nkhuku ndinayamba kuweta bambo akewo asanamere ndevu.

Tsiku lina anatulukira kwathu ndi foni yojambulira mawu komanso chipepala.

"Azakhali, ndikuchita kafukufuku. Dindani chala apa. Lamulo lake n'lakuti dzina lanu sindidzaliulula kwa munthu aliyense."

"Bwanji, ndaba?"

"Ayi, n'kukutetezani."

"Kwa ndani? Kwa tambala?"

Ndinadinda. Ndinamufotokozera zonse za mazira, iye n'kumalemba. M'buku lakelo ine ndinasanduka Mayi Nambala Seveni.

Tsiku loti akayankhe mafunso pamaso pa mapulofesa atatu, ndinamuperekeza kuti ndikamugwirire chikwama. Anandikhazika kumbuyo, pafupi ndi chitseko, pomwe achibale amaloledwa kumvetsera koma osatsegula pakamwa. Kutsogolo kunali tebulo lalitali, mabotolo atatu a madzi, ndi mkulu wina wadazi lonyezimira ngati dzira longoikira kumene.

A Daziwo anatsegula bukulo pamene anapinda.

"Alimi onse munawafunsawa, pa mazira khumi amaswa asanu kapena sikisi. Koma Nambala Seveniyu akuti naini, chaka ndi chaka. Ife ndi makina athu omwe sitifikapo pamenepo. Mtsikana iwe, mayi ameneyu alipodi, kapena unamupeka?"

Ngakhale ine wosaphunzira ndinadziwa tanthauzo lake: akangonena kuti anapeka, digiri palibe, zaka zitatu zapita m'madzi.

"Alipo, bwana."

"Ndi ndani? Amakhala kuti?"

"Sindinganene, bwana. Ndinasainira kuti sindidzaulula."

"Lamulo limenelo ndikulidziwa. Ndinalilemba ndine."

"Ndiye ndiliphwanye, bwana?"

"Ukaliphwanya walephera."

"Nanga ndikapanda kunena?"

A Dazi anamwa madzi. Mphunzitsi wake wa Kamagalasi, yemwe anamuyang'anira zaka zonsezo, anayamba kuwerenga mababu akudenga. Mwana uja magalasi ake anachita nkhungu. Anandiyang'ana kamodzi kokha n'kugwetsa maso. Anali wokonzeka kumira ndi chinsinsi changa, chinsinsi chimene ine ndimauza aliyense wodutsa pamsewu.

Ndinatsokomola, n'kuimirira.

"Azakhali, khalani pansi!" ananong'ona Kamagalasi.

"Mayi, muno achibale salankhula," anatero a Dazi.

"Wachibaleyo wakhala chete, bambo. Amene waimirirayu ndi Seveni."

Pulofesa wachitatu, mayi wa milomo yofiira, anabisa nkhope m'pepala, mapewa akugwedezeka.

"Inu?" anafunsa a Dazi.

"Ine ndemwe. Mwanayu analumbira, koma ine sindinalumbire kudzibisa ndekha. Kapena lamulo lanulo limaletsanso munthu kudziwa dzina lake?"

Anatsegula mapepala ena, n'kuwatseka. Sizinalembedwemo.

"Chabwino. Mumatani kuti aswe naini?"

"Dzira likangoikiridwa ndimalilemba tsiku ndi khala. Lopitirira sabata silipita kwa thadzi, limapita m'poto. Lalitali ngati chala, lam'ng'alu, la chigoba chopepuka, onsewo m'poto. Osungawo ndimawaika kusongoka pansi, n'kumawatembenuza m'mawa ndi madzulo. Thadzi likafungatira sabata imodzi, ndimawatenga n'kulowa nawo m'wadilopu."

"M'wadilopu?"

"Mumdima, bambo. Ndimawalitsa tochi kudzera m'kachubu ka pepala la kuchimbudzi. Lamwana limaoneka timitsempha tofiira. Lopanda kanthu ndimalichotsa lisanawole n'kuipitsa anzake."

"Zonsezi zili pa tsamba 64," anatero mayi wa milomo yofiira uja.

A Dazi anatsegula tsamba 64. Linali lomatana ndi linzake, losakhudzidwa n'komwe. Analitsegula ndi chikhadabo, pang'onopang'ono.

Anatitulutsa kuti akambirane. Pakhonde Kamagalasi anandigwira mkono. "Azakhali, mwandipha."

"Ukanafa wekha, ine ndangokugwirira chikwama."

Atatiitananso, a Dazi anamugwira chanza, n'kunena kuti bungwe lafufuza mozama ndipo lakhutira.

Buku lija linatuluka la chikuto chakuda, zilembo zagolide. Kamagalasi anandiwerengera tsamba la zikomo. Muli a Dazi, chifukwa cha nzeru zawo zakuya. Muli mphunzitsi wowerenga mababu uja, chifukwa choima naye pa nthawi yovuta. Ine ndili mkati, malo makumi atatu ndi amodzi, ndidakali Seveni. Akuti lamulo silinasinthe.

Loweruka lapitali galimoto yoyera inaima pageti panga. A Dazi, atanyamula thireyi ya mazira. Akuti nkhuku za akazi awo zikungoswa atatuatatu, ndipo kunyumba kulibe mtendere.

Ndinawapatsa tochi ndi kachubu, n'kusuntha madiresi anga kuti akwane. Asanatseke chitseko cha wadilopu anasuzumira kunja.

"Mayi, izi zisamveke kuntchito."

"Musadandaule, bambo," ndinatero. "Dzina lanu sindidzaliulula. Kuyambira lero ndinu Nambala Eyiti. Dindani chala apa."