Ayisi wa Atsibweni Gasiteni

1.

Lachisanu masana kaundula atsekedwa.

Wolembedwa dzina, lole ya boma idzamutengera kumtunda, kumalo atsopano, mvula isanagwe. Wosalembedwa atsala kuchigwa konkuno, m'mphepete mwa Shire, kumene madzi alowa m'nyumba kawiri pa zaka zitatu. Amayi ake a Zelifa sanalembedwe. Nkhalamba ya mawondo otupa, yoyendera ndodo, yoti madzi akabwera singathamange ngakhale kukafika pachulu.

Ndipo kuno munthu sasamuka pambumba mwinimbumba asanavomere. Mwinimbumbayo ndi mchimwene wawo wa amayiwo, atsibweni ake a Zelifa, a Gasiteni, ogulitsa ayisi pa Nchalo.

2.

Sitandade 4.

Ndi pomwe a Gasiteni analekezera sukulu, ndipo Zelifa sanaiwalepo zimenezi ngakhale tsiku limodzi. Iye digiri ali nayo, yopachika pakhoma, amaphunzitsa jogalafe kusekondale ku Blantyre. Koma taonani zachipongwe zake! M'mawa wonse wa Lachitatu wathera mu minibasi, kutsetsereka mapiri a ku Chikwawa atapanikizika pakati pa matumba a kabichi, kuti akagwadire munthu amene polemba dzina lake amatulutsa lilime.

Nzeru zonse za atsibweni, monga anaziwerengera mu minibasimo:

mafiriji awiri, zitseko zomanga ndi mphira
wailesi
mnzawo wina amene mlamu wake anafikako ku Joni
pakamwa

3.

Anawapeza pashopu akuphwanya chibuluma cha ayisi ndi hamala, amayi ogulitsa nsomba ali pamzere ndi mabeseni awo.

Eee, aphunzitsi afika! anakuwa a Gasiteni. Mwabwera naye ayisi wanu uja wa kumapeto kwa dziko?

Si wanga, atsibweni, anayankha Zelifa. Dziko likutentha. Madzi oundana a kumeneko akusungunuka, nyanja yamchere ikukwera, ikufunda, anamondwe akukulira mphamvu.

Munamuona?

Asayansi anayeza.

Ndati inuyo, aphunzitsi, ndi maso anu awa. Ine ayisi ndagona naye, ndadzuka naye zaka makumi awiri ndi zisanu. Azungu anuwo akanabwera kudzafunsa ine, ndikanawaphunzitsa ulere. Mawa m'mawa tikumane kwa mayi anu, abale onse. Nkhaniyi tikaithere komweko.

Amayi a nsomba aja anaseka chikhakhali. Zelifa anamwetulira ndi mano okha.

Sitandade 4.

4.

Zelifa ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, atsibweni omwewa anabwera pamudzi ndi kanthu kokulunga m'nyuzipepala. Anamuuza kuti atambasule dzanja. Anatambasula. Kanthuko kanali koyera ngati mchere, ndipo kanamuluma chikhatho mpaka iye anakuwa, kanditentha, kanditentha!

Mudzi wonse unaseka. Atsibweni anaseka mpaka kukhala pansi, misozi ili chuchuchu. Nkhaniyo anaifotokoza pa ukwati uliwonse kwa zaka khumi, ati mwana wa mlongo wanga anapsa ndi madzi.

Ena amaiwala zotere. Zelifa ayi.

5.

Amayi ake anamulandira ndi madzi osamba ndi nkhani za mbuzi yobereka mapasa. Za kaundula, zii.

Amayi, mukufuna kufera muno? anafunsa Zelifa.

Achimwene anena mawa.

Nanga inu pakamwa mulibe?

Achimwene anena mawa, Zelifa. Tasamba, madzi azizira.

Zinamunyansa. Mkazi amene analera ana asanu yekha, amene ankayenda wapansi mpaka ku Nchalo ndi thumba la thonje pamutu, lero moyo wake wonse waupereka m'manja mwa munthu wa hamala. Anawayang'ana amayi akewo, akupepeta mpunga ngati kulibe Lachisanu, ndipo anachita nawo manyazi.

6.

Lachinayi m'mawa, pansi pa mtengo wa nimu, panakhala:

amayi aang'ono awiri

akamwini atatu, amuna okwatira pamudzipa, onse a madimba m'mbali mwa mtsinje, onse nkhope zili ndwii, poopa kuti nkhani ya ayisiyi ikapambana ndiye kuti asamutsidwa onse, chimanga cha m'dimba n'kutsalira mvuu

amayi, pamphasa, ndodo pambali

Zelifa, ndi mapepala makumi atatu a pa intaneti

a Gasiteni, pabenchi, pambali pawo beseni, pansi zibuluma ziwiri za ayisi zokulunga m'chiguduli

Zelifa anawayang'ana akamwiniwo mmodzimmodzi. Anthu oopa kutaya mbatata kuposa kutaya khosi. Kodi ana awo adzaphunzira chiyani kwa azibambo otere?

7.

A Gasiteni anaika chibuluma chimodzi m'beseni pabenchi pompo, nathira madzi mpaka kudzaza ndendende. Ayisi anayandama, msana uli kunja.

Penyani bwino, iwo anatero. Aphunzitsi akuti uyu akasungunuka, madzi akwera atimize. Ine sindikangana ndi digiri. Tidikire.

Anadikira. Dzuwa la ku Chikwawa silichedwa pa ntchito ngati imeneyi. Panali pemphero. Panali nkhani ya maliro a kutsidya. Ayisi anachepa, anachepa, anasanduka ngati kasopo kotha, anatha.

Beseni silinasefukire.

Ngakhale dontho.

Mwaona? anatero a Gasiteni, akutambasula manja. Ayisi akakhala m'madzi, malo ake watenga kale. Ife sitinapite patali ndi sukulu, koma ayisi ndiye tikumudziwa.

Nkhope za akamwini zinamasuka. Wina mpaka anaomba m'manja, chitsiru.

8.

Iwe Zelifa, iwe amene unawerenga mpaka maso kufuna magalasi, ukhala chete? Zimene achitazi mwana wa Fomu 1 amazidziwa. N'zoona, inde, koma theka lokha, ndipo theka la choona likakhala m'kamwa mwa mbuli limapha anthu. Penya mawondo a amayi ako. Penya akamwiniwa mmene akunyambitira milomo.

Mawa Lachisanu.

9.

A Gasiteni anatsokomola, nakonza kolala.

Tsono abale anga, iwo anatero, poti za ayisi tathana nazo, ndipo palibe amene achoke padimba pake chifukwa cha mantha a azungu, ine monga mwinimbumba ndikuti

Bodza!

Anali Zelifa, ataimirira. Amayi aang'ono anagwira pakamwa. Amayi ake anati, Zelifa, kamodzi kokha, chapansipansi. Iye sanamve, kapena anamva.

10.

Anatola nkhuni ziwiri naziyala pamwamba pa beseni lodzaza lija, nasanjika chibuluma chachiwiri pankhunipo, osakhudza madzi, ndiye n'kuyamba kuphunzitsa ngati ali kutsogolo kwa kalasi, kuti ayisi wa kumapeto kwa dziko si yense amayandama panyanja ngati wa atsibweniyu, wambiri wakhala pamtunda, pamiyala, malo ena wochindikala kuposa msinkhu wa phiri la Mulanje, ndipo ameneyo akasungunuka madzi ake amakhala achilendo, amatsikira m'nyanja imene ili yodzaza kale, ndipo kutentha komwe kukumusungunulako n'komwenso kukufunditsa nyanja, nyanja ikafunda namondwe amanenepa, amadutsa ku Mozambique, amakhuthula mvula m'mapiri, mvula yonseyo n'kutsikira kuno chifukwa madzi saiwala khwawa, ndipo izi anayeza ndi anthu a zida zawo, osati a mafiriji omanga ndi mphira, ndipo munthu amene sukulu anaisiyira Sitandade 4 asamanamize anthu ndi beseni, akufuna mlongo wake afe kuti iye aoneke wanzeru, ndipo pamene iye ankalankhula choncho chibuluma chinali kudontha, do, do, do, beseni linasefukira, madzi anayenda pabenchi, benchiyo yopendekera mbali ya a Gasiteni, madzi anafika, anawalowa kunsi, iwo anawamva kuzizira koma sanasunthe chifukwa munthu wogwira nkhani ya mbumba salumpha ngati mwana

11.

Zelifa anamaliza.

A Gasiteni anaimirira pang'onopang'ono. Thalauza lawo la khaki, lija amavala popita kutchalitchi, linali lonyowa kumbuyo konse mpaka m'ntchafu.

Mkamwini wamng'ono anayesa kudzigwira, koma kuseka kunamutulukira m'mphuno. Wachiwiri anatsatira. Wachitatu, yemwe uja anaomba m'manja, anagwa chagada, miyendo m'mwamba. Akamwini! Anthu obwera, oti pamudzi pano anangodzapempha malo ogona, kuseka mwinimbumba mano onse pamtunda.

A Gasiteni sanayang'ane aliyense.

Aphunzitsi agamula, iwo anatero. Ine ndatha.

Anatenga njinga yawo. Sanaikwere, anangoikankha mpaka kumsewu. Beseni analisiya.

12.

Ha, mmene unakomera mtima wa Zelifa masana amenewo! Anasonkhanitsa mapepala ake akuimba kanyimbo. Anaimbira foni mnzake wa ku Blantyre, ati ukanaona, ndawaphunzitsa ndi ayisi wawo yemwe. Anafotokoza kawiri, kachiwiriko n'kuwonjezera mchere.

Mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi.

Amayi ake analowa m'nyumba, sanatulukenso mpaka kunada. Zelifa anati ndi mawondo.

13.

Lachisanu.

Anadzuka m'mamawa, nasita chitenje cha amayi, nalankhula ndi wa kabaza kuti abwere dzuwa lisanakwere. Kum'mawa mitambo inali itaunjikana, yakuda kunsi.

Amayi, konzekani, anatero ali pakhomo la kuchipinda. Atsibweni anena okha kuti ine ndagamula. Tikalembetse.

Sindipita, anayankha amayi ali mkati.

Mwati bwanji?

Ndati sindipita. Talowa.

14.

Analowa.

Pabedi panalibe zofunda. Pakhoma panalibe chithunzi cha malemu abambo ake, panangotsala msomali. Pansi panali mitolo isanu ndi umodzi: mbale, mapoto, mabulangete, mbewu m'zigubu, zonse zomanga bwinobwino ndi chingwe chatsopano. Amayi anali atakhala pakati pake, miyendo yotupayo atatambalala. Mitolo iwiri anali atamasula kale.

Amayi, katunduyu munamanga liti?

Lolemba. Ine ndi achimwene. Malo akumtundako anakaona okha sabata yatha, anandisankhira pafupi ndi mjigo, kuti ndisamayende mtunda wautali.

Nanga za ayisi zija?

Amayi anamuyang'ana monga sanamuyang'anepo chibadwire.

Unakulira pamudzi pano iwe? Wogamula nkhani amayamba n'kudyetsa amene awamane. Akamwini aja anafunika amve kaye kuti madimba awo palibe awalande, mitima ikhale pansi. Akatero, achimwene amati anene kuti koma mlongo wanga yekhayu miyendo yatha, akwere kumtunda. Palibe akanatsutsa. Anatsala ndi mawu ochepa okha, Zelifa. Za ayisi wakoyo kaya amakhulupirira, kaya ayi, sindinawafunse.

Ndiye tiyeni, amayi! Poti iwonso amafuna zomwezo!

Ndikalembetse za lole ija lero, mudzi wonse uti chiyani? Uti Gasiteni anadzinyowetsa pamaso pa akamwini, mwana wa mlongo wake n'kumulanda mbumba, mlongo wakeyo n'kuvomereza. Adzafa nalo dzina limenelo. Ine mchimwene wanga ndi mmodzi yekha.

Ndikawapepesa. Ndipita pompano, ndikagwada.

Kagwade, n'zabwino. Nanga akamwini aja ukawabweza bwanji kuseka kwawo?

Amayi, madzi akabwera mufa.

Ndikudziwa. Unafotokoza bwino, tonse tinamva.

Panja wa kabaza analiza belu, naliza kachiwiri. Zelifa anaima pamenepo, chitenje chosita chili m'manja.

Amayi anakokera mtolo wachitatu pafupi, nalimbana ndi mfundo yake. Anakoka, anakanda ndi zikhadabo, anayesa ndi mano otsala aja.

Iyi anamanga ndi achimwene, iwo anatero, amamanga zolimba. Zala zanga zikukanika. Tandimasulira.

Zelifa anagwada, nayamba kumasula.