Nkhope ya Rejoice pa Zitenje Makumi Atatu

Achimwene anga a Lamson sadziwa hoke, ndipo ndinene pano poyera chifukwa eniakewo sadzavomera mpaka kumanda. Munthu anakulira ku Area 25 akumenya chikulunga pafumbi, lero waima m'mbali mwa bwalo ku Perth manja ali m'chiuno, akuphunzitsa azungu kagwiridwe ka ndodo. Amene amadziwa hoke pabanja pathu ndi mwana wawo Rejoice. Anayamba ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo pofika 2021, ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, ndiye anali wapagolo wa timu ya atsikana ya kwathu ku Armadale. Timuyo anthu ankangoitchula kuti Mabobutelo, dzina la abuluzi onenepa a kuno amene amayenda ngati akhuta.

Chaka chimenecho Mabobutelo anapambana masewero asanu ndi awiri otsatizana, basi achimwene mutu n'kukula. Mu Juni anaimbira foni alamu anga a Annie, amene anapita ku Lilongwe kukadwazika mayi awo n'kutsekeredwa komweko ndi Kolona, kuti akadinditse zitenje. Mukudziwa inu kwathu, chilichonse timachidindira nsalu: ukwati, msonkhano wa mpingo, chipani, ngakhale kumanga chiliza. Ndiye hoke ikanatsala bwanji? Vuto linali la ndege. Malire atatsekedwa, katundu ankatha miyezi itatu panjira, choncho kuti nsalu ipezeke pa fainolo ya mu Sepitembala inayenera kudindidwa ligi ili pakati. Munthu wanzeru akanangolembetsa dzina la timu n'kulekera pomwepo. Achimwene analembetsa kuti AKATSWIRI A 2021 m'zilembo zotalika ngati dzanja langali, ndipo pakati pa chitenje chilichonse anaikitsa nkhope ya Rejoice, yaikulu ngati lichero, monga amachitira ndi atsogoleri a zipani. Zinali zitenje makumi atatu.

Katoni inafika Lachiwiri, semifainolo ili Loweruka. Nsaluzo zinali za pa fainolo, koma Amayi Dorcas, apampando a amayi a ku tchalitchi kwathu, atangoziona ananena kuti chikhulupiriro sichidikira, azivala Loweruka lomwelo. Mayi ameneyu ndi ine sitimwerana madzi. Anandichotsa pamzere wa kutsogolo m'kwaya, ati mawu anga amakanda m'khutu, pamene iye akayamba nyimbo ngakhale woimba kiyibodi amasowa pogwira.

Lachinayi Rejoice anandidikirira pa siteshoni ya sitima ku Murdoch ndikuchokera ku shifiti, pakuti iye amaphunzira unamwino komweko. Chichewa amamva chonse koma amayankha m'Chingerezi chake cha m'mphuno, ndiye ndikuuzani m'chathu zimene ananena. Anati pa timu yonse wakuda ndi iye yekha, ndipo chimene anakondera pagolo n'chakuti ukavala chisoti chobisa nkhope chija ndi zotchinga thupi zija palibe amaona kuti ndiwe ndani, amangoona ngati mpira walowa kapena ayi. Tsopano adadi ake atenga nkhope imene iye amabisa n'kuidinda ka makumi atatu. Anawachonderera, iwo n'kumuseka kuti ndi manyazi a chitsikana. Amayi ake ali kutali, ndipo nsaluzo anadinditsa ndi iwo omwe. Watsala ndi ine, azakhali ake.

"Azakhali, auzeni asazigawe," anatero. "Amayi aja akazivala ife n'kugonja, ine sindidzapondanso pabwalo paja."

Ndinamugwira paphewa n'kumulonjeza kuti nkhaniyo asiyire ine. Ndipo foni ndinaimbadi, ndisadzinamizire. Ndinati achimwene, nsaluzi bwanji osadikira fainolo? Iwo anati ndayamba nsanje, ine ndinati chabwino, n'kudula. Ineyo Betty, amene ndimatha kukangana ndi dalaivala wa basi kuchokera ku Cannington mpaka ku Armadale osapuma, ndinagonja ndi liwu limodzi. Zoona zake n'zakuti mumtima mwanga munali kachimwemwe koipa. Ndinkafuna kuona Amayi Dorcas atadzikulunga mawu oti AKATSWIRI, kenako zinthu n'kuwatembenukira. Lachisanu pa mapemphero a amayi anazigawa zonse, aliyense akudziyeza pagalasi la m'chimbudzi.

Loweruka masana pageti la bwalo aliyense ankayenera kujambula kachizindikiro ka Kolona ndi foni asanalowe. Mzere unaima nji chifukwa cha ife: amayi makumi atatu a zitenje zobiriwira, theka mafoni alibe data, ena akubwerekana magalasi kuti aone pojambula. Ine sindinavale nawo, ndinabwera ndi jinzi yanga. Mwa onsewo amene anaonerapo hoke sanakwane atatu. Amayi Dorcas atangokhala pansi anafunsa kuti athu akumwetsera mbali iti, kenako anafunsa kuti mwana wathuyo ndi uti, pakuti apagolo onse awiri ankaoneka ngati matilesi oyenda. Bambo Musonda, a ku Zambia amene amayendetsa thiraki kudoko la Fremantle, anabwera ndi ng'oma. Makolo achizungu ndi makapu awo a khofi anatisunthira malo mwaulemu uja wa anthu amene akuopa.

Hoke amasewera zigawo zinayi za mphindi khumi ndi zisanu. Pakutha pa chigawo chachitatu athu anali atamwetsa zitatu, enawo osaona n'kamodzi komwe. Abale inu, munayenera kukhalapo. Nthungululu zinamveka mpaka kumsewu waukulu. Amayi Dorcas anayambitsa nyimbo ya paukwati n'kusinthamo mawu, amayi onse n'kuimirira, kufulatira bwalo, kumagwedeza mbuyo kuti adani awerenge bwino. Nkhope ya mwana wa achimwene anga inali kuvina pambuyo pa amayi makumi atatu, ina yotambasuka masaya, ina yopindika pamphuno. Azungu anatulutsa mafoni. Achimwene anali pawaya m'mbali mwa bwalo, dzanja limodzi likupereka moni wa chigongono ngati phungu, linalo litanyamula foni kuti alamu anga aonere ali ku Lilongwe. Bambo Musonda anawakuwira kuti, "Ba Lamson, iyi gemu yasila kudala, tiyeni tikagule nyama!"

Ndiye chigawo chachinayi chinayamba. Ine ndinali pamzere wa pamwamba, Amayi Dorcas ali m'munsi mwanga chakumanzere, moti nkhope yawo ndinkaiona bwinobwino. Wezulo inalira, mbali inayo n'kukuwa. Amayi Dorcas anaombera nawo m'manja mpaka wina anawakoka nsalu kuwauza kuti chimenecho chalowa kwathu. Anati palibe kanthu, n'chachifundo. Patapita mphindi zisanu wathu wina anapatsidwa khadi yachikasu n'kutuluka, chachiwiri chinalowa, ndipo ng'oma ya Bambo Musonda inayamba kulira ngati yanyowa. Amayi Dorcas anatsinzina kuyamba kupemphera, diso limodzi likusuzumira pa bolodi ya zigoli. Kutatsala masekondi makumi anayi chachitatu chinalowa, kukamwa kwawo kunangoti yasa. Ine ndinadziluma tsaya kuti ndisaseke.

Anapita ku mapenate, aja a hoke oti wosewera amathamanga ndi mpira kukakumana ndi wapagolo awiriwiri. Amayi Dorcas anagwada pasimenti, zimene sindinaonepo ngakhale ku tchalitchi chifukwa amati ali ndi nyamakazi. Sizinathandize. Athu anaphonya onse asanu, enawo anamwetsa kamodzi, basi Mabobutelo kunja.

Masapota ndi anthu opanda manyazi, akuda ndi oyera omwe. Mzungu wina wa sikafu yobiriwira, amene posachedwa pomwepa ankati atsikanawa ndi ana ake, anamenya theche bini ya zinyalala n'kumatukwana woyimbira, kenako kochi, kenako udzu wa pulasitiki wa pabwalopo. Mkazi wake ankauza aliyense kuti iye anadziwiratu, timuyi imatero chaka chilichonse. Koma athu ndiwo anatenga chikho cha kutembenuka. Sindinaonepo zitenje zikuvulidwa msanga chotero. Ena anazitembenuza kunja kukhala mkati, ena anazipinda kang'onong'ono n'kukankhira pansi pa chikwama, ndipo mayi wina amene sanavale siketi mkati anamanga jekete la mwamuna wake m'chiuno. Bambo Musonda, amene sadziwa n'komwe kuti wapagolo wa hoke sagwira mpira, anati mwanayo ali ndi manja a sopo. Amayi Dorcas, atadzuka pasimenti paja popanda wowagwira dzanja, analengeza kuti mzimu unawauza kuyambira Lachiwiri kuti nsaluzi zili ndi kudzikuza, kungoti sanafune kukhumudwitsa a Lamson. Ine ndinati ehe, mzimu umenewo ndiye unachedwa panjira ngati katoni ija.

Rejoice anatuluka pomalizira, akukoka chikwama chake chachikulu cha matayala, tsitsi litanyowa ndi thukuta. Amayi aja, amene nkhope yake anali nayo m'zikwama, anayang'ana kumbali ngati sakumudziwa, ena n'kumuponyera pepa wa pamaliro akuthamangira kumagalimoto. Achimwene anali atathana ndi woyimbira ndi kochi, anatsala ndi munthu mmodzi.

"Zitatu m'mphindi khumi ndi zisanu? Umagona m'chisoti muja? Wandivula pamaso pa anthu iwe."

Apo ndiye ndinawatsegulira. Ndinawauza kuti adzivula okha, kuti ndi munthu wanji amene amadinda chikho asanachione, kuti sadziwa ngakhale mbali ya ndodo imene amamenyera mpira, kuti zitenjezo akazisoke makatani a m'galaja. Ndinalankhula mokweza kuti Amayi Dorcas amve ali m'galimoto, ndipo kunena zoona zinandikomera. Nthawi yonseyi foni inali ikadali m'manja mwa achimwene. Kenako ndinakweza chikwama cha mwanayo m'buti mwanga n'kumuuza kuti akwere, ndimuperekeza ndine.

Mumsewu wa Albany Highway ndinapitiriza. Ndinamuyeserera mmene Amayi Dorcas anaombera m'manja chigoli cha adani, mmene anagwadira, diso lija losuzumira. Ndinkaseka mpaka misozi, ndikuganiza kuti ndikumupepusa mtima. Iye anangoyang'ana pawindo. Titaima pa maloboti a ku Gosnells anatembenuka.

"Azakhali, ndinatchinga mipira ingati?"

Ndinati yambiri mwanangu, unayesetsa. Anafunsanso kuti ingati. Ndinafufuza m'mutu mwanga n'kupezamo ndolo za Amayi Dorcas, duku lawo, ngakhale thukuta la pamphuno pawo. Mpira munalibe ndi umodzi womwe.

"Sikisitini," anatero. "Pa mapenate ndinatchinga inayi mwa isanu. Kochi akuti sanaonepo zotere. Adadi sadziwa hoke, koma maso awo anali pa ine masewero onse. Inu ndinkakuonani ndili m'chisoti muja. Nthawi iliyonse ndikayang'ana kumtunda munali mukuyang'ana Amayi Dorcas."

Ndinayamba kunena kuti komatu bambo ake ndinawaimbira. Anati akudziwa, anali nawo pabalaza foni ili pa sipika, ndipo anamva mmene ndinafulumirira kuvomera. Galimoto ya kumbuyo inaliza hutala, magetsi anali atasintha kale.

Anandipempha kuti ndimutsitse pa siteshoni ya Kelmscott, akupita kwa mnzake. Ndinatuluka kukatsegula buti kuti ndimupatse chikwama, iye anati chisiyeni, n'kuwoloka msewu chimanjamanja.

Mwezi wa Malichi timu itayamba kukonzekera ligi ya 2022, kochi anaimbira Rejoice osayankhidwa, anaimbira achimwene kawiri, kenako anaimbira ine. Ndinati ndipatseni sabata imodzi, ndikalankhula naye. Sabatayo itatha anaimbanso, ndipo sanafunse zambiri. Anati ngati Rejoice sakubwera, chisoti ndi zotchinga zija n'za kalabu, pali mtsikana wina akufuna kuyesa pagolo. Ndinazipukuta fumbi n'kukazipereka ndekha Loweruka m'mawa.