Duku la a Eness Pageti la Sukulu

Sakina anali atakwiya kuyambira Lachitatu, tsiku lomwe mwana wake Hawa anabwezedwa pageti la sukulu chifukwa cha hijabu. Mwana wa Folomu 4, mayeso ali pafupi, akuti kansalu kakumutu kakuswa malamulo a yunifolomu. Zamanyazi!

Choipitsitsa, amuna ake a Jafali anachita ngati atola chikwama. "Sukulu yamukana yokha," anatero. "Likadutsa Lolemba akadali pakhomo pano, akwatiwe basi. Mwamuna alipo kale."

"Ukwati wake uti mwana asanavomere?" Sakina anawakalipira. "Kumadrasa munkagona inu? Chisilamu chomwechi chimati maphunziro ndi a mwamuna ndi mkazi yemwe." A Jafali anangokweza wailesi.

Ndiye Loweruka anathamangira kwa a Eness, mkulu wa gulu lomenyera ufulu wa atsikana ku Zolozolo. Anawapeza akuchokera ku Umanyano, bungwe la amayi a kutchalitchi kwawo, duku lili mbee kumutu.

"Pepani chomene, amama," anatero a Eness atamva nkhaniyo. "Koma ndi zophweka izi. Mwanayo angovula. Ifetu tikulimbana ndi zomwezi, zokulunga atsikana m'nsalu."

Sakina magazi anawira. Abambo akuti akwatiwe, ahedi akuti avule, aufulu nawonso akuti avule. Hawa mwiniwake, amene amasita yekha hijabu yakeyo m'mawa uliwonse, palibe ndi mmodzi yemwe anamufunsa.

"Chabwino," anatero Sakina. "Yambani inuyo. Vulani dukulo mundipatse."

A Eness anagwira kumutu. "Aa-aa, ilitu ndi la Mulungu!"

"Nanga ya mwana wanga ndi ya ndani? Ya Satana?"

Sakina anachoka osatsanzika.

Lolemba m'mawa, kamvula kosathaka kakuwaza, Sakina anayala chitenje pageti n'kukhala, Hawa ali chiimire ndi mabuku. Mlonda anawathamangitsa kawiri, iwo osasuntha. Kenako anatulukira a Eness, duku lija lili kumutu, n'kuima pambali pa Hawa.

Ahedi atatuluka n'kuona duku la Umanyano lija, anachita kuwerama. "Monire amama! Mwaimiranji pamvula? Mwanayu ndi wanu? Alowe, alowe, zinazo tikambirana."

Geti linatseguka, Hawa analowa hijabu ili kumutu. A Eness anatembenuka akumwetulira, kudikira kuti Sakina awathokoze kuti yewo. Sakina anapinda chitenje chake chonyowa, misozi yaukali ikutsika. Iye mayi wake weniweni anakhala pamatope maola awiri ngati chitsa geti osatseguka, koma nsalu ya mnzake inalitsegula m'kamphindi.

"Mawa mubwerenso," anawauza a Eness. "Tsiku lomwe simudzabwera, adzamubweza."